Mbuzi Zanga Zakana Kuzemba Msonkho

Lamulungu lapitali ndinapezeka kuti ndine munthu wolemera. Si a banki amene anandiuza. Anandiuza ndi maso a anthu a m'komboni mwathu, onse pamodzi, titakhala pa mabenchi kuseri kwa balani lakale la fodya limene timapemphereramo masiku ano.

Ine amene. Munthu woti nsapato yanga yakumanzere imamwa madzi mvula ikangowaza.

Koma ndiyambire poyambira, kuti mundiseke mutamva mlandu wonse.

Kwa inu amene simudziwa kwathu, timakhala pa purazi lina kunja kwa Mvurwi. Makolo athu anachokera ku Malawi, ena ku Mozambiki, kudzagwira ntchito ya fodya. Mzungu anapita, minda inagawidwa, ife tinatsala m'komboni momwemo. Ambiri amadalira maricho, ganyu wa m'minda ya eni ake atsopano. Anyamata anathawira ku golide ku Shamva. Otsala ndi amayi, ana, nkhalamba ndi ife ochepa amene tinachita mwayi wobwereka kamunda n'kumalima fodya wathuwathu.

Tili ndi bungwe la maliro. Mwezi uliwonse khomo lililonse limaponya kangachepe, ndipo wina akatisiya timagula bokosi, ufa ndi kabichi. Pa zonse zimene tinayambitsapo pa komboni pano, ndi bungwe lokhali limene silinafe. Chifukwa chake ndi msungichuma wathu, mayi Nangozo, mayi wamasiye wogulitsa tomato pa msewu. Mayi ameneyu sanasekererepo munthu pa nkhani ya ndalama, ngakhale abusa.

Ndiye pali Sekuru Kachere, agogo a pa komboni pathu. Anawotcha fodya m'mabalani kuyambira ali mnyamata mpaka utsi unawadya maso. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni kalekale ndipo sanamvekenso. Chitupa alibe, choncho kwa a boma ndi munthu amene sanabadwe. Musaganize kuti ndi nkhalamba yokoma pakamwa. Amatukwana nkhuku za anthu pozitchula maina a eni ake. Ine amanditcha kalaliki, popeza kale ndinkalemba matikiti a antchito mu ofesi ya mzungu, ndipo sanandikhululukirebe.

Sabata yathayi amayi opita ku mjigo anawapeza atagwa m'mbali mwa njira, chigubu chili uko, ndodo ili uko. Atawadzutsa zinadziwika kuti mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi anatha kalekale. Ndalama ya kombi, minibasi yopitira ku chipatala ku Mvurwi, analibe. M'nyumba mwawo munalibe ngakhale ufa wa phala.

Lamulungu, mapemphero atatha, bungwe linakhala pansi monga mwa nthawi zonse. Sekuru anabwera okha, akupapasa njira ndi ndodo, n'kuima pakati.

"Ndamva kuti mumasunga bokosi langa," anatero. "Ndipatseni lero. Ndikaligulitse ndigule ufa. Ndikafa mudzandikulunge mu mphasa, sindidzadandaula."

Ena anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wogwidwa. Zoona zake n'zakuti tinali ndi njira yabwino kwambiri yosamalira Sekuru Kachere akadzafa, koma tinalibe njira iliyonse yowasamalira ali moyo.

Tinagwirizana mwamsanga. Nkhalamba iliyonse yopanda woisamala izilandira ndowa ya chimanga ndi kabotolo ka mafuta ophikira mwezi ndi mwezi, ndipo wodwala aziperekezedwa ku chipatala. Titayamba kutchula maina tinapeza kuti si Sekuru okha, alipo angapo, ena tinali titaiwala kuti akadali moyo. Manja onse anakwera m'mwamba. Langa linali loyamba, ndipo linakwera kuposa onse.

Mayi Nangozo anadikira kuti manja atsike.

"Zabwino," anatero. "Ndalama zake zichokera kuti?"

Apa muyenera kudziwa kuti funso limeneli ndimalitenga ngati munda wanga. Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndakhala ndikulilangiza boma kwa nthawi yaitali, kwaulere, ngakhale silinandipemphe. Ndalemba kuti ana a amphawi aphunzire osathamangitsidwa fizi. Ndalemba kuti m'zipatala mukhale mankhwala, kuti nkhalamba zilandire kangachepe pa mwezi, kuti mlimi wamng'ono apatsidwe mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Ndipo nthawi zonse ndimamaliza ndi mawu amene ndimawanyadira: zonsezi zichitike popanda kukongola, chifukwa ngongole ya lero ndi goli la adzukulu. Ku shabini amanditcha aMlembi, ndipo ndikayamba kulongosola za chuma cha dziko anthu amandigulira chakumwa, kaya pofuna kumva zambiri kaya pofuna kuti pakamwa panga patanganidwe, sindinafufuze.

Choncho ndinakhala phee, manja pachifuwa, kudikira kuti anthu wamba ayambe alakwitsa.

Woyamba anali aMwale. Lamulungu aMwale amaimba besi m'kwaya, koma masiku ena ndiwo mkulu wa kudambwe, ndipo palibe amene amaona chachilendo pamenepo. Iwo anati tikongole. Pali munthu wina wogula golide amene amakongoza ndalama msanga, osafunsa zambiri.

"Katapila ameneyo adzabweza ndani?" anafunsa mayi Nangozo. "Nkhalamba zidzadya mwezi uno, mwezi wamawa zidzafunanso kudya, ndiye ngongole nayo idzafuna kudya. Tidzadyetsa ziwiri."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza. Pa nkhani ya ngongole palibe pano wofunika kumuphunzitsa. Tonse tinaonapo munthu atatenga feteleza ndi malasha pa ngongole, n'kulima chaka chonse, n'kupita ku msika ndi mabelo a fodya, n'kubwerako ndi kapepala konena kuti akadali ndi ngongole. Nkhani yokongola inafera pomwepo.

Wina anati titape pa ndalama za mabokosi. Mayi Nangozo anangofunsa kuti wina akatisiya mawa timuika mu chiyani. Nayonso inafa.

Kenaka amayi ena kumbuyo anati tichotse phwando la pambuyo pokolola. Chaka chilichonse bungwe limathandiza kugula nyama ndi chimera, ng'oma zimalira, gule amatuluka. Amayiwo anati ndalama imeneyo ingadyetse nkhalamba miyezi ingapo.

AMwale anaimirira pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"Makolo athu anabwera kuno ndi bulangete limodzi ndi gule," anatero. "Bulangete linang'ambika. Munda tilibe, kumudzi sitikudziwako, ana athu Chichewa akuchiiwala. Mukachotsa gule, titsala ndi chiyani chonena kuti ndife anthu? Bwanji osachotsa ulendo wa amayi wa ku msonkhano wa mpingo? Kombi yonse ija, mayunifomu aja?"

Apa panabuka phokoso. Aliyense anali ndi mpeni m'manja, ndipo mpeni uliwonse unaloza nyama ya mnzake. Ine ndinali nditalemba kambirimbiri kuti boma lichepetse zowononga, ngati kuti zowonongazo zimayenda ndi chikwangwani pamphumi. Tsiku limenelo ndinaona kuti chimene ine ndimachitcha kuwononga, kwa aMwale ndi mpweya.

Phokoso lili mkati, wina anati bwanji tizingolemba timapepala tonena kuti tidzalipira, nkhalamba zizikagulira ku kagolosale. Anthu anaseka mpaka misozi. Palibe khomo pano lopanda chitini cha ndalama zakale zija za maziro ambirimbiri, zimene munthu unkadzaza m'chikwama cha zovala kukagula buledi. Pepala lopanda kanthu kumbuyo kwake tinalidyapo kale, ndipo sitinakhute.

Ndipamene ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaimirira, n'kukonza kolala.

"Abale anga," ndinatero, "nkhaniyi ndi yophweka. Kukongola takana. Kutapa za mabokosi takana. Mapepala takana. Chatsala n'chimodzi. Amene ali nazo zambiri apereke zambiri. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wamasiye asaponye mofanana ndi munthu wa chuma. Olemera alipire."

Anthu anaomba m'manja. Ndinamva kukoma mpaka kumapazi. M'mutu mwanga ndinkaona mwini chigayo wa kutsidya kwa msewu, bambo wa lole ndi thirakitala, amene amatidula mtengo nthawi iliyonse tikapita kukagayitsa.

"Mukunena ndani?" anafunsa mayi Nangozo.

Ndinatchula mwini chigayo uja.

"Awo si a bungwe lathu. Akamwalira sitidzawaika ndife, ndipo sitingawauze chochita. Ine ndikufunsa za muno. M'bungwe muno, ali nazo zambiri ndani?"

Kunagwa bata. Kenaka mitu inayamba kutembenuka, umodziumodzi, osati kwa ine poyamba, koma ku mtengo wa mango kumene ndinaimika njinga yanga yamoto. Ndinali nditaitsuka m'mawa womwewo. Inkanyezimira ngati ikuchitira umboni. Kuchoka pa njinga maso anapita ku denga langa la malata limene limaoneka bwino kuchokera pa balani, ndi sola ili pamwamba pake. Kuchoka pa denga anabwera pa ine.

Abale, ndakhalapo pa maliro, ndakhalapo pa milandu, koma bata ngati limenelo sindinalimvepo.

Ndinayamba kulongosola. Njinga ija ndi yakale, ndinaigula kwa munthu. Malata aja ena ndi obooka. Sola anagula ndi mwana wanga Chisomo amene ali ku Joni, ndipo zimene amatumiza si zambiri monga anthu amaganizira. Mbuzi ndili nazo, inde, koma mbuzi si chuma, ndi udindo. Ndinamaliza ndi mawu amene sindinaganizepo kuti angatuluke pakamwa panga.

"Ine si wolemera. Ine ndine wapakati."

"Bambo a Chisomo, khalani pansi," anatero mayi a kunyumba kwanga, amene anakhala kumbali ya amayi. "Dzulo lomweli mumauza shabini yonse kuti fodya wanu chaka chino wagulidwa bwino kuposa wa aliyense."

Munthu umakwatira kuti upeze mthandizi. Sanatiuze kuti mthandiziyo adzathandiza mbali iti.

Dzuwa lisanapendeke tinali titamanga mfundo. Khomo lililonse liwonjezere pang'ono pa zimene limaponya. Amene ali ndi ziweto awonjezere molingana ndi khola lake. Phwando lichepe koma gule atuluke ndithu, ndipo amayi opita ku msonkhano achepe. Palibe amene anatuluka akusekerera, ndipo mwina ndicho chizindikiro chakuti tinagawana bwino. Mwini njinga yamoto, amene sanatchulidwe dzina ngakhale ali mmodzi yekha pa komboni ponse, azinyamula odwala, bungwe lizithandiza theka la petulo. Mayi Nangozo ndi amayi ena awiri anati ayendera makola Lachitatu.

Zimene ndinachita Lachiwiri ndikuzinena chifukwa komboni yonse ikuzidziwa kale, ndipo ndi bwino muzimve kwa ine.

Madzulo ndinasankha mbuzi zonenepa, mkota wanga wamkulu wa belu pakhosi ndi zinzake, n'kuzikusa kupita kwa mlamu wanga amene amakhala pa purazi la kutsidya kwa mtsinje. Mayi a kunyumba ndinawauza kuti ndikuzipititsa kwa tonde wa mlamu, kuti mbewu isinthe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi zofula zomwe mukuzipititsa kwa tonde?" anafunsa. Ndinangozikusa n'kunyamuka.

Panjira ndinkadzilimbitsa mtima. Sikuti ndikukana kupereka, ndinkatero, ndikungofuna kupereka mwachilungamo. Mbuzi zimenezi ndinazivutikira. Ena amamwera ndalama zawo pamene ine ndikusunga, ndiye lero ndilangidwe chifukwa chosunga? Mawu onsewa ndinawamvapo kwa anthu a mimba zikuluzikulu pa wailesi, ndipo ndinawanyoza pa tsamba lomwe lino. Sindinadziwe kuti amakoma chonchi ukamawalankhula wekha.

Lachitatu amayi aja anafika. Ndinawalandira bwino, ndinawaonetsa khola. Munali timbuzi towonda, toyang'ana pansi ngati tauzidwa chochita. Ndinadandaula za matenda a ziweto chaka chino. Mayi Nangozo anayang'ana khola lalikululo, kenaka anayang'ana timbuzito. Mayi a kunyumba anabweretsa mahewu, tonse tinakhala pakhonde.

Tili pakati pa kumwa, ndinamva belu.

Poyamba linali kutali, cha kumtsinje. Ndinayamba kulankhula mokweza za mitengo ya feteleza. Belu linayandikira. Kenaka pa ngodya ya nyumba panatulukira mkota wanga, chingwe choduka chikukwekwereka pansi, zinzake zili pambuyo pa mzere ngati ana a sukulu. Sizinayang'ane kumanja kapena kumanzere. Zinadutsa pamaso pa alendo, n'kulowa m'khola. Mkotawo unabwereranso, n'kudzandinunkhiza m'thumba la jekete mmene ndimasungira mchere wake.

"Alendo awa akudziwa pakhomo," anatero mayi Nangozo, n'kupitiriza kumwa mahewu.

Mayi a kunyumba anaseka mpaka anatsika pa mpando n'kukhala pansi. Ndinapereka zonse zimene khola langa linayenera, ndipo pofuna kugula ulemu wanga ndinawonjezapo kambuzi kamodzi koti kagulitsidwe. Ulemuwo sunabwerere. Ana a pa komboni akandiona akumalira ngati mbuzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za makalata anga onse opita ku boma.

Sindinasinthe maganizo pa zofunikazo. Mwana asathamangitsidwe pa sukulu. M'chipatala mukhale mankhwala. Munthu amene anapereka maso ake ku fodya, fodya amene anamanga misewu ndi nyumba zosanja za m'tauni, asagwe panjira chifukwa chosowa ndalama ya kombi. Ndipo sindinasinthe pa ngongole. Dziko limene limadyetsa anthu ake ndi ngongole likudya mbewu.

Chimene ndinasintha n'chakuti ndasiya kunena kuti nkhaniyi ndi yophweka. Ukakana kukongola, ukakana kusindikiza mapepala, makomo otsala ndi ochepa. Uchotse pena kuti uike pena, ndipo pamene ukuchotsapo pali aMwale ake amene ali ndi chifukwa chomveka. Kapena utenge kwa anthu, ndipo munthu aliyense amene ungamugwire paphewa adzakuuza kuti iye ndi wapakati. Kodi munakumanapo ndi munthu wovomera kuti ndi wolemera pa tsiku la msonkho? Wa njinga yakapalasa amaloza wa njinga yamoto. Wa njinga yamoto amaloza wa lole. Wa lole amaloza wa mgodi. Wa mgodi amaloza kunja kwa dziko, kumene kulibe amene angamutsatire.

Ndipo apa ndi pamene kuseka kwanga kumathera. Ine mlamu wanga ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mbuzi zanga zinabwerera zokha. Alipo anthu amene alamu awo ali kutsidya kwa nyanja. Mbuzi zawo zilibe belu, ndipo sizidziwa njira yobwerera. Golide amakumbidwa m'nthaka yomwe ino, ana athu akutsikira m'maenje, koma ambiri a ife sitidziwa kuti amatuluka pa chipata chiti. Wotolera msonkho akalephera kupeza makola amenewo, amapita kumene n'kosavuta. Amadula pa ndalama imene Chisomo amanditumizira pa foni. Amadula pa petulo, pa shuga, pa sopo. Amadula pa mayi Nangozo akamaoda tomato. Mapeto ake wamasiye ndiye amalipirira thandizo la wamasiye mnzake, ndipo pa wailesi amati boma lathandiza.

Pali chinthu china. N'chifukwa chiyani anthu a m'komboni, osauka chonchi, anavomera kuwonjezera? Chifukwa mayi Nangozo amatsegula chitini cha ndalama za bungwe pamaso pa aliyense, ndipo ndowa ya chimanga timaiona ndi maso ikulowa pakhomo la nkhalamba. Ikapanda kufika tikudziwa khomo loti tikagogode. Boma likafuna mbuzi zathu, litsegule chitini chake. Munthu amapereka mokakamizika akamaona kuti ndowa imanyamuka yodzaza n'kufika theka, ndipo wonyamulayo wagula galimoto yatsopano. Sindikunena izi podzikhululukira. Mbuzi zanga ndinazibisa ngakhale chitini chathu chilibe bowo. Ndikungoti ngati munthu amabisa pamene palibe wakuba, nanga pamene akukayikira kuti wakuba alipo?

Lachisanu linali tsiku langa loyamba la ntchito. Ndinafika pakhomo pa Sekuru Kachere m'mawa. Anali atavala jekete la maliro ndi chipewa, atakhala pa chitsa kudikira.

"Wachedwa, kalaliki," anatero.

Ndinawakweza kumbuyo. Atandigwira m'chiuno ndinadabwa. Njinga sinamve n'komwe kuti pakwera munthu wachiwiri. Ndinanyamulapo matumba a gaga olemera kuposa pamenepo. Njira yonse ya fumbi mpaka kukafika pa tala ankandidzudzula kuti ndikugwera dala m'maenje.

Ku chipatala tinakhala pa mzere mpaka dzuwa linafika pamutu. A nesi anawayeza, anapukusa mutu, anawakalipira pang'ono chifukwa chosiya mankhwala. Mapiritsi ena anatipatsa, ena anati kulibe, tikagule ku famase. Ndinagula ndi ndalama ya bungwe, n'kusunga risiti mosamala, popeza ndikudziwa amene akaifunse.

Mayi Nangozo anali atawapatsa Sekuru kandalama kena koti agule chakudya panjira. Tisananyamuke anati ndiwaperekeze pa kagolosale. Ndinaganiza kuti agula banzi ndi chakumwa. Anagula ndudu.

Magazi anandithamanga ine m'malo mwa iwo.

"Sekuru, ndalama imeneyo ndi ya chakudya."

"Ndi yako?"

"Ndi ya bungwe."

"Ndiye bungwe lidzandifunse."

"A nesi angonena kumene kuti musiye fodya."

"A nesi sanagonepo m'balani."

Ndinaima pamenepo ndikuwerengera mumtima kuti mu ndudu imeneyo muli mwendo wa mbuzi yanga. Ine amene ndalemba kangapo kuti wosauka si mwana, kuti thandizo lisabwere ndi chikwapu, ndinapezeka ndikufuna kulanda ndudu m'manja mwa nkhalamba yosaona. Sabata imodzi yokha ya kupereka msonkho inali itandisandutsa wapolisi. Sekuru anayatsa, anakoka utsi, anausunga pang'ono, n'kuutulutsa.

"Sanamuwotche bwino fodya uyu," anatero. Koma anasuta mpaka kumapeto. Banzi ndinawagulira ndi ndalama yanga, ndipo anadya osafunsa kuti lachokera kuti.

Tinafika ku komboni dzuwa litapendeka. Ndinawatsitsa pakhomo pawo. Ndowa ya chimanga inali itafika kale, ili pakhonde, yovundikira ndi thumba kuopa nkhuku. Anaipapasa ndi dzanja, anaviika zala m'chimangamo mpaka m'mkono. Zikomo sindinamuyembekezere, ndipo sanabwere.

Ndikutembenuza njinga, anandigwira mkono wa jekete. Mawu awo anali otsika, osati aja otukwanira nkhuku.

"Kalaliki, undiuze zoona. Mwezi wamawa ubweranso, kapena zinali za mwezi uno wokha?"

Ndinati ndibweranso.

"Usandinamize. Ndikufuna ndidziwe kamwedwe ka mapiritsiwa. Ngati subweranso, ndiziwadula pakati kuti akhalitse."

Anatulutsa kampeni m'thumba kundionetsa kuti sakuseka. Ndi mmene anachitira ndi mapiritsi apitawo, mpaka anatha, iwo n'kudzagwa panjira.

Ndinawauza kuti amwe athunthu, monga ananenera a nesi. Anabweza kampeniko m'thumba, n'kulowa m'nyumba.

Ndinakankha njinga mpaka kwathu osailiza. Kulonjeza mwezi umodzi aliyense angathe, ngakhale ndi ndalama ya katapila. Pa nsanja za misonkhano timamva malonjezo otere chaka ndi chaka, ndipo ena amafikadi, kamodzi, ndi nyimbo ndi zithunzi. Koma munthu wa mapiritsi safunsa za mwezi uno. Kuti ndimuuze kuti amwe athunthu, payenera kukhala khola lodziwika limene lidzapereke mwezi wamawa, ndi mwezi winawo, fodya akagulidwa bwino ndiponso akapanda kugulidwa bwino. Pa komboni pathu makola otere adziwika, ndipo limodzi mwa iwo ndi langa.

Inu a m'maofesi, amene mumalemba ndondomeko za dziko lonse, m'mapurazi onsewa kuyambira kuno mpaka ku Tengwe muli nkhalamba zimene zagwira kampeni m'dzanja limodzi ndi piritsi m'dzanja lina. Zikudikira yankho. Muziuza kuti zimwe lathunthu, kapena zidule pakati?